Mwana wanga waoneka pa TV ku Sydney, kodi ndimulowetse njira ya Rose Byrne?

Mayi wina amene akukhala ku Sydney ndi banja lake watilembera kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 11 anasankhidwa kuoneka mu adiveti ya pa TV, ndiye pano anzawo akuwalimbikitsa kuti amupezere ejenti msanga ayambe kuthamangira ma odishoni a masewero a pa TV, akuti akatswiri onse a ku Australia anayamba ali ana. Mayiwa atchula Rose Byrne amene anamuona ndi ana awo mu filimu ya Peter Rabbit, ndipo akufunsa ngati n'zoona kuti anayambira pa TV ali mwana, komanso ngati imeneyo ndiyo njira yoti mwana wawo atsate.

Mayi, poyamba ndikuthokozeni kuti mwafunsa musanasaine pepala la munthu aliyense, chifukwa makolo ambiri amabwera kudzafunsa zinthu zitathina kale, mwana wajomba kusukulu masiku osawerengeka, ndalama zathera kwa ojambula zithunzi, koma foni ili zii osalira. Ine ndakhala ndikuphunzitsa ana zisudzo kwa zaka zambiri ndithu, ndipo nkhani ya Rose Byrne ndimakonda kuifotokozera makolo, koma osati pa chifukwa chimene anzanuwo akukuuzani. Inde n'zoona anayamba ali mwana, n'zoonanso kuti anali pa TV akadali mtsikana wa kusekondale, koma TV imeneyo si imene inamufikitsa pamene ali lero. Ndikuuzeni mmene zinayendera kenako muweruze nokha.

Anabadwa pa 24 July 1979 ku Balmain, konko ku Sydney kwanuko, mzime m'banja la ana anayi. Ali ndi zaka 8 analowa gulu la zisudzo la ana lotchedwa Australian Theatre for Young People, anthu amangoti ATYP, gulu lakalekale loti linayamba mu 1963 ndipo Nicole Kidman ndi Rebel Wilson anadutsanso momwemo. Nde taganizirani zaka zimenezo, 8, kulibe kamera, kulibe malipiro, palibe womulozera chala mumsewu kuti suja wa pa TV uja. M'magulu otere zimene zimachitika n'zooneka ngati zachibwana mukamaonera pa windo, ana avula nsapato, aima mozungulira, akuponyerana mpira uku akutchulana mayina, wina akuyesa kukhala nkhalamba wina galu, koma mmenemo ndi mmene mwana amaphunzira kumvetsera mnzake, kupuma bwino kuti mawu atuluke kuchokera m'mimba osati pakhosi, kulakwitsa pamaso pa anzake osalira. Rose anakhala akupanga zimenezi zaka zingapo kamera isanamuone n'komwe, ndipo gawo limeneli la nkhani yake ndi limene anthu amalidumpha akamakuuzani kuti anayamba ali mwana.

Filimu yake yoyamba inali Dallas Doll ya mu 1994, kenako mu 1995 ndi pomwe analowa mu sewero la pa TV la tsiku ndi tsiku lotchedwa Echo Point pa kanema wa Network Ten, ali ndi zaka 15 akulowa 16. Apa ndiyime kaye ndifotokoze za masewero amenewa chifukwa ku Australia ndi nkhani yaikulu. Neighbours inayamba mu 1985, Home and Away mu 1988, ndipo awiri amenewa akhala ngati sukulu ya akatswiri ambiri a dziko limenelo, Kylie Minogue, Jason Donovan, Guy Pearce ndi Margot Robbie anadutsa ku Neighbours, Chris Hemsworth ndi Isla Fisher ku Home and Away. Masewero otere amatulutsa magawo pafupifupi tsiku lililonse la mkati mwa sabata, ndiye ntchito yake ndi yothamanga zedi, umalandira mawu lero mawa ujambule, umaphunzira kuima pa chizindikiro chimene aika pansi osayang'ana pansipo, kudziwa kumene kuli kuwala, kulira nthawi yomwe akuuza kuti lira. Zimenezo ndi luso ndithu sindikuzinyoza ayi. Echo Point anaipanga kuti ipikisane ndi Home and Away, koma anthu sanaikonde, inayamba pakati pa chaka ndipo chaka chomwecho chisanathe anaitseka.

Ndiye taonani mtsikana wa zaka 16, dzulo anali pa TV madzulo aliwonse, lero sewero latha abwerere m'kalasi akakhale pa desiki ngati wina aliyense. Ine ndimaona kuti limeneli linali dalitso ngakhale pa nthawiyo ziyenera kuti zinamuwawa. Mwana akatchuka kwambiri pa gawo limodzi kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, anthu amamumata dzina la mu sewerolo, akakula nkhope yasintha mawu asintha, anthu omwewo amamutaya chifukwa amene ankamukonda uja anali kamwana kokongola kaja osati munthu wamkuluyu. Kukongola kwa ubwana kumatha, palibe amene angakuimitse. Rose sanamatidwe dzina lililonse chifukwa sewerolo linafa msanga, anamaliza sukulu yake, analowa ku University of Sydney, uku akutola timagawo ting'onoting'ono mu masewero ngati Wildside ndi Heartbreak High.

Pali chinanso chimene ndimafuna makolo azichimva. Atamaliza sekondale anayesa kulowa ku NIDA, sukulu yaikulu ya zisudzo ya ku Sydney komwe anaphunzira Cate Blanchett, Mel Gibson ndi Judy Davis, ndipo sanamutenge. Munthu woti anali kale mu filimu, anali kale pa TV, akuluakulu a sukulu anamuyang'ana n'kunena kuti ayi. Apa ndi pamene ana ambiri otchuka ali aang'ono amathera, chifukwa anazolowera kumva kuti ndiwe katswiri kuyambira ali ndi zaka 10, ndiye ayi woyamba amawathyola msana. Rose anapitiriza, mu 1999 anapita ku New York kukaphunzira ku Atlantic Theater Company, gulu limene anayambitsa David Mamet ndi William H. Macy. Chaka chomwecho inatuluka filimu ya Two Hands ya Gregor Jordan, momwe anasewera ndi Heath Ledger, mnyamata winanso amene anayambira pa masewero a achinyamata a pa TV ku Perth, ndi Bryan Brown. Filimu imeneyo ndi imene inapangitsa anthu a ku Australia kuyamba kumuona ngati munthu wamkulu pa ntchito.

Kenako mu 2000 kunabwera The Goddess of 1967 ya mayi Clara Law. Goddess ameneyo si munthu ayi, ndi galimoto, Citroën DS ya mu 1967 imene mnyamata wa ku Japan wabwera kudzagula ku Australia, ndipo Rose akusewera mtsikana wosaona amene akuyenda naye ulendo wautali kudutsa m'madera ouma a dzikolo, uku mbiri yowawa ya banja lake ikuululika pang'onopang'ono. Kusewera munthu wosaona ndi mayeso aakulu kwa munthu wa zisudzo, chifukwa chida chachikulu pa kamera ndi maso, nde akakulanda maso umatsala ndi thupi, makutu, mmene wapendekera mutu pomvetsera, mmene dzanja likufufuzira chitseko. Zimenezo suziphunzira pothamangitsana ndi magawo asanu pa sabata, umaziphunzira mu holo muja mopanda nsapato. Ndi filimu imeneyi anapata Volpi Cup ku Venice, mphoto ya mkazi wosewera bwino koposa pa chikondwerero cha mafilimu chakale kwambiri padziko lonse, ali ndi zaka 21 zokha.

Mukanayembekezera kuti munthu wa mphoto ya ku Venice basi akwere ndege wa ku Hollywood osacheukanso. Koma m'zaka zomwezo, 2000 ndi 2001, anali pa siteji ya Sydney Theatre Company mu La Dispute ya Marivaux ndi Three Sisters ya Chekhov, masewero akale ovuta oti ndalama zake sizingafanane n'komwe ndi za filimu. Ndipo m'nyengo yomweyo anatenga kagawo kakang'ono mu Star Wars ya Attack of the Clones imene ankajambulira ku Fox Studios konko ku Sydney n'kutuluka mu 2002, ngati Dormé, mdzakazi wa Padmé, ntchito yake kwambiri kuima pambali pa Natalie Portman amene ankasewera Padméyo, mawu ake owerengeka pa zala. Ine chimene ndimasirira apa ndi kusadzikweza kwake pa ntchito, lero uli pakati pa chithunzi mawa uli m'mbali ndipo konse ukugwira ndi mtima umodzi.

Ndikupatseni chitsanzo cha zimene ndinaona ndi maso anga kuti mumvetse chifukwa chimene ndikulimbikira za siteji. Chaka china kugulu kwathu kunabwera kamtsikana ka zaka ngati za mwana wanuyo, kanali katajambulidwapo kangapo zotsatsa malonda, kokongola, kolimba mtima, makolo ake onyadira kwambiri ndipo anali ndi chifukwa chonyadira. Tsiku loyamba la prakatisi ndinapita kukakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo ndikuti yamba. Milomo ikuyenda koma kwa ine sikukufika kanthu, chifukwa anazolowera kuti pali kamaikolofoni kobisika pa kolala kamene kamatola ngakhale kunong'ona. Akalakwitsa mawu ankangoima n'kundiyang'ana kudikira kuti ndinene kuti tiyambirenso, paja pojambula ukalakwa amadula n'kubwereza. Tsiku la sewero lenileni, holo itadzaza, anaiwala mzere wake pakati pa nkhani, anangoti njo, maso ali mwaa kuyang'ana kumbali kumene ndinaima, misozi ili lengelenge. Amene anamupulumutsa ndi mnzake wina wooneka wamba amene anali atakhala m'gulumo zaka zitatu osapatsidwapo gawo lalikulu, anangomuyandikira n'kumugwira pa phewa, n'kumufunsa funso lopeka pomwepo limene yankho lake linali mzere woiwalika uja, sewero n'kupitirira, anthu osadziwa n'komwe kuti panachitika kanthu. Kamtsikana koyamba kaja kanakhalabe nafe ndipo patatha zaka ziwiri kanali kosintha kwambiri, koma usiku umenewo ndinaona poyera kusiyana kwa mwana wojambulidwa ndi mwana wophunzitsidwa.

Tibwerere kwa Rose. Zaka zotsatira zinali za mafilimu akunja, I Capture the Castle ku Britain mu 2003, Troy mu 2004 komwe anali Briseis pambali pa Brad Pitt, Marie Antoinette ya Sofia Coppola mu 2006, Sunshine ya Danny Boyle ndi 28 Weeks Later mu 2007. Izi ndingodutsapo chifukwa ngakhale mafilimu ena anali aakulu, iye kawirikawiri ankapatsidwa gawo la mkazi wokongola wa maso achisoni, ndipo akanatha kukalambira pomwepo. Chimene chinamukhazika pansi bwinobwino ndi TV kachiwiri, koma TV ya mtundu wina, Damages, kuyambira 2007 mpaka 2012, iye ngati Ellen Parsons loya wachitsikana wongoyamba kumene ntchito, bwana wake Patty Hewes akuseweredwa ndi Glenn Close. Zaka zisanu kuyang'anizana ndi Glenn Close tsiku ndi tsiku, mayi woti akangokuyang'ana mwakachetechete iwe mawu amauma pakamwa, imeneyo inali sukulu ina payokha, ndipo anasankhidwa kawiri kupikisana nawo pa mphoto za Emmy, kawirinso pa Golden Globe.

Koma chimene chimandisangalatsa koposa pa moyo wake wa ntchito ndi chimene anachita atadutsa zaka 30. Munthu woti aliyense ankamudziwa ngati wa magawo olira, anatembenuka n'kulowa nthabwala. Get Him to the Greek mu 2010 anasewera woimba wamwano wodzimva, kenako Bridesmaids mu 2011 ngati Helen, mayi wolemera waulemu wonyenga amene akulanda mnzake wa mkwatibwi udindo. Muli malo ena mufilimu imeneyo, pa phwando la chinkhoswe, pomwe iye ndi Kristen Wiig akulandana maikolofoni aliyense kufuna kuonetsa kuti ndi amene amamudziwa bwino mkwatibwi, wina akamaliza kulankhula mnzake akubweranso kudzawonjezera, mobwerezabwereza. Mukadzaonera muyang'ane nkhope ya Rose, saseka, sapanga zoseketsa, akumwetulira mwaulemu ngati mayi wa bungwe la kutchalitchi koma m'maso muli nkhondo. Ana anga ndimawauza kuti nthabwala yabwino ndi imene woichitayo sakudziwa kuti ndi nthabwala, kwa Helen nkhani ya maikolofoniyo ndi ya imfa ndi moyo. Ndipo kudziwa nthawi yoponyera mawu, kudikira kamphindi kamodzi kokha usanayankhe, ndi luso limene munthu amalinola pamaso pa anthu amoyo amene amaseka kapena osaseka pomwepo. Pambuyo pake kunabwera Neighbors mu 2014 ndi Seth Rogen, momwe analankhula ndi kalankhulidwe kake ka ku Australia osabisa, ndi Spy mu 2015 ndi Melissa McCarthy. Peter Rabbit imene munaonerayo ndi ya 2018, ndipo mbali yaikulu anajambulira ku Sydney konko ngakhale nkhani yake ndi ya ku England.

Ndalama zitabwera, dzina litakula, anabwereranso pa siteji, ndipo apa ndi pamene ndimati munthuyu zisudzo zili m'magazi. Mu 2014 anasewera koyamba pa Broadway, masiteji aakulu a ku New York, mu You Can't Take It with You limodzi ndi James Earl Jones. Broadway ndi masewero asanu ndi atatu pa sabata mayi, mutu ukuwawa kaya mwakangana kunyumba, 8 koloko ikakwana nsalu ikutseguka basi. Mu 2016 anabwerera kwawo ku Sydney Theatre Company mu Speed-the-Plow, sewero la David Mamet yemwe uja wa sukulu ya ku New York. Ndipo kumayambiriro kwa 2020 ku Brooklyn Academy of Music anasewera Medea, nkhani yakale ya Agiriki ya mayi amene anapha ana ake mwamuna atamusiya, yolembedwanso mwamakono ndi Simon Stone, dayilekita wokulira ku Australia, ndipo mwamuna mu sewerolo anali Bobby Cannavale, bambo wa ana ake enieni. Siteji yonse inali yoyera mbee yopanda mipando yobisalako, phulusa lakuda likugwa kuchokera kumwamba pang'onopang'ono, ndipo ana a mu sewerolo ananyamula kamera akujambula makolo awo, nkhope ya mayiyo ikuoneka yaikulu pa sikirini pamwamba pa siteji. Ndiye taganizani, nthawi imodzi yomweyo akuyenera kufikira munthu wa mpando wakumbuyo ndi thupi lonse, komanso kamera ili pamphuno ikuonetsa kunjenjemera kulikonse kwa chikope. Munthu wodziwa kamera yokha sangathe, wodziwa siteji yokha sangathenso. Rose anali nazo zonse ziwiri chifukwa anazinyamula limodzi kuyambira ali mwana.

Ndipo sanathe, chaka chomwecho cha 2020 anali Gloria Steinem, womenyera ufulu wa amayi wa ku America, mu Mrs. America, kenako Physical pa Apple TV+ kuyambira 2021 mpaka 2023, ndipo mu February 2025 pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin anapata mphoto ya Silver Bear chifukwa cha If I Had Legs I'd Kick You ya Mary Bronstein, momwe akusewera mayi wotopa mpaka m'mafupa posamalira mwana wodwala. Muwerenge nokha, Venice 2000, Berlin 2025, zaka 25 pakati pake, ndipo zaka 30 kuchokera pa kasewero ka pa TV kaja kamene kanafa chaka chisanathe.

Tsono za mwana wanu. Sindikuti mumukanize TV ayi, adiveti wachita kale ndipo ngati anasangalala nayo palibe cholakwika. Chimene ndikukana ndi maganizo oti pali sitima imene ikunyamuka ndipo mukachedwa mwana watsala. Kuthamanga sikufika, ndipo pa ntchito imeneyi amene amafika ndi amene akadali ndi chikondi cha ntchitoyo ali ndi zaka 25, osati amene anatopa nayo ali ndi zaka 14. Pa Rose Byrne mmodzi pali ana ambirimbiri amene anali naye mu masewero omwewo amene lero palibe akuwakumbuka, ena ali bwinobwino pa ntchito zina chifukwa sukulu sanaitaye, ena zinawavuta. Ngakhale amene anatchuka zedi sizinali zophweka, Jason Donovan anayamba pa TV ali ndi zaka 11 ngati mwana wanuyo, anafika pa siteji ya London Palladium mu 1991 akusewera Joseph anthu akuchita kukanganirana matikiti, koma iye mwini wakhala akunena poyera za zaka zimene anavutika ndi mankhwala ozunguza bongo kutchuka kutamukulira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kholo ndi limene liyenera kung'amba mkuyuwo kuyang'ana m'kati mwana asanadye.

Ndinenenso chinthu chimene anzanuwo mwina sakukuuzani, poti ndife anthu amodzi tisabisane. Rose Byrne ndi mzungu, ndipo TV ya ku Australia kwa zaka zambiri inali ya nkhope zoyera pafupifupi zokhazokha, bungwe la boma la Screen Australia lomwe linachita kafukufuku mu 2016 n'kupeza kuti anthu ochokera m'mabanja osakhala a ku Ulaya ankaoneka mochepa kwambiri m'masewero poyerekeza ndi kuchuluka kwawo m'dzikomo. Zinthu zikusintha, mukaonera Heartbreak High yatsopano ya pa Netflix ya 2022 muona kusiyana kwake ndi yakale ija, koma magawo a mtsikana wakuda akadali ochepa. Aisha Dee, amene bambo ake ndi munthu wakuda wa ku America, anayambira pa sewero la ana la The Saddle Club ku Australia, koma dzina lake linakulira ku America mu The Bold Type kuyambira 2017, ndipo ndi pambuyo pake pamene anadzatsogolera sewero kwawo, Safe Home ya pa kanema wa SBS mu 2023. Ndiye mwana wanu adzamva ayi wambiri amene chifukwa chake si luso lake, angofuna mwana wofanana ndi amene asankhidwa kukhala mayi ake mu sewerolo basi. Mwana wa zaka 11 sangasiyanitse zimenezo payekha, amangoganiza kuti ndine woipa kapena sinditha. Akakhala ndi gulu lake la zisudzo kumene Loweruka lililonse amapatsidwa gawo, kumene angakhale mfumu kapena mfiti kapena Juliet posatengera khungu, ayi wa ku odishoni samulasa mpaka mumtima chifukwa ali ndi kwawo kwa zisudzo kobwerera.

Za ejenti, ngati mwaganiza zomupezera, gwirani mfundo imodzi iyi, ejenti weniweni amadya mwana akadya. Amatenga gawo lake pa malipiro a ntchito imene wapeza, kawirikawiri 10 peresenti pa za filimu ndi TV. Munthu akayamba ndi kukuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera, mulipire zithunzi kwa wojambula wake yekhayo, mulipire kosi yake, ndipo akukulonjezani kuti mwana alowa Home and Away, nyamulani chikwama chanu muzipita. Palibe amene angalonjeze gawo, ngakhale ejenti wamkulu chotani. Ku New South Wales, chigawo chimene muli Sydney, kuli ofesi ya boma yotchedwa Office of the Children's Guardian, ndipo kampani yolemba ntchito mwana wosakwana zaka 15 pa zojambulajambulazi imayenera kukhala ndi chilolezo chochokera kumeneko, pali malamulo a maola amene mwana angagwire molingana ndi msinkhu wake, nthawi yopuma, ndi za sukulu. Muli ndi ufulu wofunsa kuti chilolezo chanu chili kuti, musachite manyazi kuti ndine mlendo m'dziko la eni. Kulinso bungwe la ogwira ntchito za zisudzo la MEAA kumene mungafunse za malipiro oyenera musanasaine. Pa malo ojambulira muzikhalapo inuyo kapena bambo ake, pamene maso anu akumuona mwanayo, ndipo wina akati dikirani panja kwa nthawi yaitali popanda chifukwa chomveka, mukane mwaulemu koma mukane ndithu. Ndalama za adivetiyo mumutsegulire akaunti yake zikhale zake, chifukwa tsiku limene mwana adzazindikire kuti lendi ya nyumba ikudalira nkhope yake, sangathenso kukuuzani kuti amayi ndatopa sindikufunanso.

Ndipo mumufunse iyeyo, osati pamaso pa alendo amene akumuyamikira, koma muli awiri kukhitchini mukutsuka mbale. Mufunseni kuti pa tsiku lojambula lija chinakusangalatsa n'chiyani. Akati kudziona pa TV ndi kuti anzanga kusukulu anandiona, palibe tchimo, ndi mwana, koma chimenecho chimatha msanga ndipo sichoyenera kujombera sukulu. Akayamba kukufotokozerani za mmene anayesera kunena mawu ake m'njira zitatu zosiyana, kapena mukamamupeza kuchipinda akuyerekeza aphunzitsi ake ndi azakhali ake pagalasi popanda womuonera, ameneyo ali nako kanthu ndipo kanthu kameneko sikathawa, kadzakhalapobe ali ndi zaka 18.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi ATYP yomweyo, ili ku Walsh Bay pa Pier 2/3 pafupi ndi Harbour Bridge, amakhala ndi makalasi a mkati mwa teremu komanso a pa holide. Ngati mukukhala kutali ndi tauni kapena mtengo wake wakulemerani, kuli Shopfront ku Carlton ndi PYT ku Fairfield, muwaimbire mufunse misinkhu imene amalandira, osaiwalanso gulu la drama la kusukulu kwake komweko ngakhale la kutchalitchi, paja ambiri a ife tinayambira pa masewero a Khirisimasi titafunda nsalu ya amayi ngati abusa a nkhosa. Mumupatse chaka chimodzi chathunthu mmenemo, ma odishoni akabwera osagundana ndi sukulu apite, akagundana asapite. Tsiku la sewero lake loyamba musakakhale kutsogolo ndi foni m'manja, mukakhale mpando wakumbuyo kwenikweni mumve ngati mawu ake akufika pamenepo, ndipo muyang'anenso zimene akuchita pa nthawi imene mnzake ndiye akulankhula osati iye. Mukaona zimenezo mudzandilemberenso, tidzakambirane za chaka chachiwiri.